Maejenti, Matcheyamani ndi Mapuloti: Mbiri ya Malonda a Malo m'Makomboni a Lusaka

M'makomboni a Lusaka muli anthu amene amadyera pa nyumba ndi mapuloti omwe si awo. Munthu wotere akamva kuti banja lina ku Chawama kapena ku George likufuna kugulitsa nyumba mwamsanga, amapitako, agwirizana mtengo, mwina n'kusiyapo kandalama kachikole, kenaka n'kuyamba kusaka wogula amene angapereke zoposa pamenepo. Zapamwambazo ndi zake. Dzina lake sililowa m'kaundula wa khonsolo, thumba la simenti sagulapo ngakhale limodzi, ndipo nthawi zambiri mwininyumba ndi wogula amaonana koyamba tsiku losainirana. Anthu amangowatchula onse kuti maejenti, koma ntchitoyi njosiyana ndi ya ejenti amene amalandira komishoni yoti mbali zonse zikuidziwa. Phindu la uyu limadalira kuti wogulitsa asamve zimene wogula wapereka.

Ku America malonda otere amawatchula kuti wholesaling, ndipo akhala akuutsa mkangano wakuti kodi n'chilungamo kugulitsa pangano la nyumba imene munthu sanaigule. Ku Lusaka nkhaniyi ndi yakale kuposa pamenepo. Inabadwa limodzi ndi makomboni, amene anamangidwa pa malo a eni n'kukula zaka zambirimbiri popanda mapepala, moti nthawi zonse pankafunika munthu woima pakati pa wofuna malo ndi malowo.

Lusaka inayamba mu 1905 ngati kasiteshoni pa njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Mu 1935 atsamunda anasamutsira kumeneko likulu la Northern Rhodesia. Ojambula mapulani, potsata lipoti la Stanley Adshead la 1931, ankaganiza za tauni ya azungu, ya misewu yotakata ndi mayadi a mitengo. Munthu wakuda ankamuona ngati mlendo wodzagwira ntchito, woti tsiku lina adzabwerera kumudzi. Nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito, ndipo ntchito ikatha kiyi ankabweza. Lamulo la 1948 linakakamiza olemba ntchito ndi makhonsolo kupezera antchito pokhala, ndipo Matero, imene inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, inachokera m'nyengo imeneyo. Koma nyumba za ku Matero zinali za khonsolo, za lendi, komanso zochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ozifuna.

Otsalawo anakapeza pogona m'mafamu ndi m'mbali mwa makwale a miyala ndi laimu ozungulira tauni. Eni mafamu ena anaona kuti kulola anthu kumanga tinyumba n'kumatolera kandalama mwezi ndi mwezi kunkapindulitsa kuposa kulima nthaka yamiyalayo. Makampani omanga nawo ankaika antchito awo m'misasa, ndipo kontilakiti ikatha anthuwo ankatsala pomwepo. Maina a makomboni akusungabe mbiriyi: George, John Howard, John Laing, Marrapodi. Chawama poyamba inkatchedwa Roberts. M'malo otere munthu sankagula nthaka. Ankalipira chilolezo chokhalapo basi, ndipo woloza pomanga n'kutolera ndalamazo kawirikawiri anali kapitawo wa mwini malo. Nyumba yazidina inali ya womanga, nthaka inali ya wina. Kusiyana kumeneku sikunachokepo mpaka lero, ndipo malonda onse a mapuloti m'komboni akhala akuchitikira mumpata umenewu.

Ufulu wa 1964 unachotsa malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000 mu Lusaka, wa 1969 anapeza 262,000, ndipo pofika 1980 anali atapitirira 535,000. Mu 1970 malire a mzinda anafutukulidwa kuchoka pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360, choncho makomboni amene anali kunja anagwera m'manja mwa khonsolo. Eni mafamu ena anali atachoka m'dziko. Ena anangolephera kutolera lendi chifukwa anthu anakana kulipira mlendo pa nthaka ya dziko lodzilamulira. Mpando umene unatsala wopanda munthuwo unatengedwa ndi chipani cholamula cha UNIP.

Tcheyamani wa nthambi ya chipani ndiye ankaloza puloti, kuyeza ndi mapazi, kusiya mpata wa njira, ndi kuweruza anthu akakangana malire. Wofuna malo ankafunika khadi la chipani ndi munthu womuperekeza. Ann Schlyter wa ku Sweden, amene anatsatira kakulidwe ka George kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anaonetsa m'mabuku ake kuti komboni imene akuluakulu a boma ankaiona ngati chipwirikiti inali ndi dongosolo lake, ndipo chipani chinali pakati pa dongosololo. Kungakhale kuwanamizira matcheyamani oyambawo kunena kuti onse anali amalonda. Ambiri ankagwira ntchito imene khonsolo inkaikana. Komabe mphamvu yoloza malo inakhala m'manja mwa munthu amene lamulo silinkamudziwa, wopanda kaundula woti wina n'kudzaufufuza, ndipo malo atayamba kusowa mphamvuyo inasanduka katundu wamalonda.

Boma poyamba linayesa kugwetsa ndi kusamutsa. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 ngati malo oyezedwa kale oti anthu azidzimangira okha, ndipo ena mwa amene ankafunika kusamukirako anali a ku Kalingalinga, koma Kalingalinga sinathe. Maganizo anasintha ndi pulani yachiwiri ya chitukuko cha dziko ya 1972 mpaka 1976, imene inavomereza kuti makomboni ndi chuma choyenera kukonzedwa. Mu 1974 kunabwera lamulo la nyumba limene ambiri amalidziwa ndi nambala yake, Cap 194, ndipo chaka chomwecho World Bank inabwereketsa dziko madola 20 miliyoni okonzera George, Chawama, Chaisa, Chipata ndi Garden. Analambula misewu n'kuika mipope, mpope umodzi wa nyumba 25, chiwerengero chofanana ndi cha sekishoni ya chipani. Amene nyumba zawo zinali pa njira ya msewu anapatsidwa mapuloti atsopano m'mphepete.

Lamulo la 1974 linabweretsa pepala limene likulamulirabe malonda a m'komboni, la occupancy licence. Ndi chilolezo cha zaka 30 chokhalira pa malo a khonsolo. Chimakhudza nthaka imene nyumba yaimapo ndi kabwalo koyandikana nayo, koma sichitchula malire oyezedwa ndi masaveya, ndipo pansi palibe mabikoni. Pa nthawiyo imeneyi inali nzeru, chifukwa kuyeza nyumba iliyonse kukanatenga zaka ndi ndalama zimene kunalibe. Zotsatira zake zinadzaoneka pambuyo pake. Kampata ka pakati pa nyumba ziwiri, dimba la kuseri, bwalo la mpira la ana, malo amene anasiyidwira msika kapena kiliniki, zonsezi zinatsala zopanda mwini wolembedwa, ndipo aliyense wa mawu amphamvu m'deralo ankatha kuzidula n'kugulitsa.

Nkhani imene inagwedeza dziko pa malonda ogula n'kugulitsa tsiku lomwelo sinachitikire m'komboni. Mu Epulo 1975 kampani yotchedwa Solar Investments inagula mapuloti atatu opanda nyumba pakati pa tauni ya Lusaka pa mtengo wa K150,000. Tsiku lomwelo inagulitsa puloti imodzi mwa atatuwo ku Development Bank of Zambia, banki ya boma, pa K100,000. Dzuwa lisanalowe magawo awiri mwa atatu a ndalama zake anali atabwerera, mapuloti awiri akadali m'manja, pamalopo osakumbapo ngakhale dzenje. Masiku amenewo kwacha imodzi inkaposa dola. Palibe lamulo limene linaswedwa, ndipo n'chimene chinakwiyitsa kwambiri Pulezidenti Kenneth Kaunda.

Pa 30 Juni 1975, polankhula ku msonkhano waukulu wa UNIP m'mawu amene anadzatchuka ndi dzina lakuti Watershed, Kaunda anatchula nkhaniyi ngati chitsanzo cha kudyerana masuku pamutu. Analengeza kuti umwini wamuyaya wa nthaka watha, malo onse akhala m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, nthaka yopanda kanthu sigulitsidwanso, ndipo maofesi a maejenti a nyumba ndi malo atsekedwe. Lamulo lotsatira mawuwa linasandutsa mataitolo akale kukhala lisi ya zaka 100 kuyambira pa 1 Julaye 1975. Wofuna kugulitsa ankayenera kupempha chilolezo cha boma, ndipo boma linkaika mtengo wosayenera kupitiriridwa, powerengera zokhazo zimene munthu wamanga kapena kubzala pamalopo.

Maganizo a Kaunda anali omveka. Nthaka sanaipange munthu, ndipo mtengo wake ukakwera chifukwa tauni yakula, phindulo n'la anthu onse, osati la amene wafika msanga ndi cheke. Vuto linali lakuti lamulo linachotsa mtengo papepala pokha. Puloti ya pafupi ndi msewu wa basi inkafunidwabe kuposa ya kudambo, ndipo ofunawo anali okonzeka kulipira. Panabadwa mitengo iwiri, wina wolembedwa ndi wina woperekedwa mwamseri. Munthu ankathira silabu kapena kuimika mizere ingapo ya mabuloko kuti pakhale choti n'kunena kuti ndicho akugulitsa. Maejenti a maofesi anatseka, koma ntchito yolumikiza wogula ndi wogulitsa inapitirira m'manja mwa anthu opanda ofesi, opanda layisensi, osayankha kwa wina aliyense. Chaka chomwecho mtengo wa kopa unali utagwa, ndipo makhonsolo anayamba kulephera kumanga nyumba ndi kuyeza mapuloti atsopano. Lamulo la maboma ang'ono la 1980 linalumikiza chipani ndi khonsolo, moti tcheyamani wa wadi anakhalanso khansala. Kwa munthu wamba kunali kovuta kusiyanitsa puloti yoperekedwa ndi khonsolo ndi yoperekedwa ndi munthu wa khonsolo.

Kanyama imaonetsa mbali ina ya malondawa. Dera limeneli n'lathyathyathya, lili pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mu 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri kumeneko mpaka boma linatsegula thumba la chithandizo. Koma anthu sanaleke kufuna malo ku Kanyama, popeza n'kufupi ndi mafakitale, ndi tauni, ndi msika wa Soweto. Puloti yoonetsedwa mu Sepitembala, fumbi lili koboo, imaoneka bwinobwino. Mu Januwale malo omwewo ndi thamanda, chimbudzi chasefukira m'chitsime. Maenje akale a makwale, ku Kanyama ngakhalenso cha ku Chawama ndi ku Misisi, ena anakwiriridwa ndi zinyalala n'kugulitsidwa ngati mapuloti. Wogulitsa wa m'deralo amadziwa pamene madzi amafika chaka ndi chaka, pomwe wogula wochokera kwina sadziwa, ndipo mtengo umapangidwa pa kusadziwa kwakeko. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2017 anakantha kwambiri makomboni a Kanyama ndi Chipata.

Chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991, zinthu zinatembenuka. Lands Act ya 1995 inavomereza kuti nthaka payokha ili ndi mtengo, n'kukhazikitsanso Lands Tribunal yoweruza milandu ya malo. Chilolezo cha boma pogulitsa chinatsala, koma mtengo unasiyidwa m'manja mwa ogulitsana. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, ndipo zakale ngati za ku Matero zinapita pa mitengo yotsika kwambiri. Mabanja amene anakhala zaka 30 kapena 40 akulipira lendi anadzuka ali eninyumba. Ambiri anapindula ndipo akukhalamobe. Koma nthawi yake inali yomwe makampani a boma ankagulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito, ndipo ena mwa olandira offer letter analibe ngakhale zochepa zimene khonsolo inkafunazo, kuphatikizapo ngongole za lendi. Apa ndi pamene panapezeka anthu olipirira mnzawo ku khonsolo, kumupatsa kenakake m'manja, n'kutenga nyumbayo kukaigulitsa pa mtengo wa pamsika. Kalata yokhayo inasanduka katundu, nyumba isanalembedwe n'komwe m'dzina la wokhalamo.

Zaka zomwezo Edzi inatenga makolo ambiri, n'kusiya nyumba m'manja mwa akazi amasiye, ana ndi agogo. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba yokhalamo limaipereka kwa wotsalayo ndi ana pamodzi, ndipo woyang'anira chumacho, administireta, sayenera kugulitsa popanda chilolezo cha khothi. M'komboni zimenezi sizinkatsatidwa nthawi zonse. Malume kapena mchimwene wa malemu akatenga kalata ya uadministireta ku local court, ejenti ankabwera ndi wogula mwamsanga ana asanazindikire. Makhothi akhala akuthetsa malonda otere, koma mlandu umatenga zaka, ndipo pofika pogamula nyumba imakhala itadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, wotsirizayo atamangapo kale mdadada wa zipinda za lendi.

Midadada imeneyi ndiyo inakweza mtengo wa kampata kalikonse. Kalembera wa 2000 anapeza anthu opitirira miliyoni imodzi mu Lusaka, ndipo wa 2022 anapeza 2.2 miliyoni, ambiri mwa iwo okhala m'makomboni, ndipo m'makombonimo ochuluka ndi alendi. Chipinda chimodzi cha mabuloko ndi malata chimabweretsa ndalama mwezi uliwonse, choncho wopuma pa ntchito akalandira penshoni amaganiza zogula pomanga. Ofuna akachuluka chonchi, oloza malo sasowa. Ntchito imene inali ya matcheyamani a UNIP inatengedwa ndi makada a chipani chilichonse cholamula, a MMD kenako a PF, ndipo tsopano inali ya ndalama poyera. Gulu la anyamata linkafika pa famu kapena pa malo a sukulu ndi zingwe ndi zikhomo, kudula mapuloti, n'kugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama, puloti imodzi mwina kwa anthu atatu. Mu 2002 nyumba mazana angapo zinagwetsedwa ku Ng'ombe pa malo a Mpingo wa Katolika. Otaya nyumba anali ogula, ogulitsa atadya kale.

Kumtunda nako sikunali koyera. Mu 2007 Pulezidenti Levy Mwanawasa anachotsa nduna ya zamalo, Gladys Nyirongo, ndipo mu 2009 khothi linapeza Nyirongo wolakwa pa kugwiritsa ntchito udindo molakwika pa nkhani ya malo. Mu Januwale 2011 boma linaimitsa khonsolo ya Lusaka chifukwa cha kagawidwe ka mapuloti a ku Lilayi, ndipo mu 2020 inaimitsidwanso pamodzi ndi ya Kitwe.

Ntchito ya uejenti inabwezeretsedwa m'lamulo ndi Estate Agents Act ya 2000, imene inakhazikitsa Zambia Institute of Estate Agents n'kulamula kuti wochita ntchitoyi akhale wolembetsedwa. Olembetsedwawo amapezeka kwambiri kumayadi, ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Ibex Hill, kumene nyumba zili ndi mataitolo ndipo komishoni imakhala yooneka. Ejenti wa ku Mtendere kapena ku George ofesi yake ndi benchi ya pafupi ndi siteshoni ya minibasi, bolodi lolembedwa ndi choko, nambala ya foni yopakidwa penti pa khoma, ndipo masiku ano tsamba la Facebook ndi gulu la WhatsApp. Wofuna kuona nyumba amayamba walipira viewing fee, agule asagule. Mtengo ukagwirizanidwa amalemba kalata yogulitsirana, nthawi zina papepala long'ambidwa m'kope, yokhala ndi maina, manambala a ziphaso za NRC, ndalama, ndi mboni ziwiri kapena zitatu, mmodzi mwa iwo kawirikawiri tcheyamani wa deralo. Kukasintha dzina ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre kumabwera pambuyo, ngati kubwera n'komwe. Pa makoma ena pamalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti nyumbayi sikugulitsidwa, chizindikiro chakuti wina anayesapo kale kuigulitsa mwini wake asakudziwa, kapena kuti abale akukanganirana.

Maejenti ali ndi mbali yawo, ndipo siyopepuka. M'komboni mulibe mndandanda wa mitengo, mabanki ambiri sakonda kubwereketsa ndalama pa occupancy licence, ndipo banja limene lili ndi wodwala ku chipatala cha UTH kapena mwana wofuna fizi silingadikire miyezi isanu ndi umodzi. Ejenti wokhazikika m'dera amadziwa nyumba ya mkangano, puloti ya madzi, ndi wogula wa ndalama zenizeni. Amayenda, amaimba foni, ndipo malonda ambiri amene amawathamangira amafera m'njira osamupatsa kanthu. Amanena kuti mwininyumba walandira zimene anatchula ndi pakamwa pake, wogula walipira zimene anavomera, nanga wolakwiridwa ndani? Wogula tomato pa Soweto m'mamawa n'kukagulitsa ku Matero masana palibe amamufunsa phindu lake.

Yankho lake lili pa funso lakuti munthuyo anafika pakhomo ngati ndani. Akafika ngati wogula, n'kunena poyera kuti akagulitsanso, mwininyumba amadziwa kuti akukambirana ndi wamalonda ndipo amalimba pa mtengo. Koma ambiri amafika ngati othandiza. Amati amayi musavutike, ndikupezerani munthu, ndipo mayiyo amamuuza zonse, za ngongole, za matenda, za mtengo wotsikitsitsa umene angalandire. Zinsinsi zimenezo ndizo ejenti amakagwiritsa ntchito podzipezera yekha. Lamulo la uejenti limene Zambia inatengera ku England limaletsa wotumidwa kupeza phindu lobisika pa katundu wa womutuma, ndipo chikhalidwe cha pamudzi chimanena zomwezo za munthu wotumidwa kukagulitsa mbuzi ya mnzake. Anthu a m'komboni sadana ndi phindu. Komishoni yonenedwa poyera amaipereka osanyinyirika. Chimene chimathetsa ubale ndi kudzamva patapita mwezi, kuchokera kwa wogula yemweyo, kuti nyumba inapita pa mtengo woposa umene unanenedwa.

Palinso nkhani ya chikole. Kandalama kochepa koperekedwa msanga kamamanga mwininyumba, chifukwa akakadya sangathenso kubweza, ndipo sangagulitse kwa wina ngakhale wabwera ndi zambiri. Ejenti akalephera kupeza wogula amangozimiririka, banja litataya miyezi. Iye amataya zochepa, pomwe banjalo linali litaika chiyembekezo chonse pamenepo. Malamulo amene maboma ena a ku America akhazikitsa akulimbana ndi zomwezi. Illinois mu 2019 inalamula kuti wochita malondawa koposa kamodzi pa chaka akhale ndi layisensi ya uejenti, ndipo Oklahoma inatsatira ndi lamulo lake mu 2021. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America mwininyumba amadziwika m'kaundula, ndipo mkangano uli pa mtengo ndi kuulula. Ku Kanyama kukayika kumayambira pa umwini weniweniwo. Khothi la Supreme la Zambia lakhala likuchenjeza kuti malo sagulidwa mwachisawawa ngati ziwiya za m'nyumba, ndipo wogula ali ndi udindo wofufuza, makamaka akapeza anthu akukhala pamalopo. Chenjezolo limagwira bwino pamene pali kaundula wofufuzamo.

Kalingalinga ndi kumene malonda olumikiza afika pachimake. Komboniyi inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la bungwe la ku Germany la GTZ, ndipo mzinda utakula inapezeka ili pakatikati, pafupi ndi University of Zambia ndi dera la Mass Media, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Amalonda akufuna malo a mashopu, magalaja, malo ogona alendo ndi nyumba za ophunzira. Puloti imodzi ya m'komboni njaing'ono kwa iwo, koma zitatu kapena zinayi zoyandikana zikaphatikizidwa mtengo wake umaposa kutali wa iliyonse payokha. Ntchito ya ejenti pamenepa ndi kulankhula ndi banja lililonse palokha, lina lisadziwe za linzake, chifukwa wotsiriza kugulitsa akazindikira kuti pulani yonse ikudikira iye amakweza mtengo. Mabanja ena agulitsa bwino n'kukamanga nyumba zabwinopo kwina. Ena ndalama zinagawidwa pakati pa ana asanu ndi mmodzi, aliyense n'kutsala ndi zosakwanira puloti, n'kubwerera ku lendi.

Ogulitsawo ambiri amalowera kunja kwa mzinda, cha ku Chongwe m'dziko la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II ya Asoli, kapena kumpoto cha ku Ten Miles m'dera la Mungule, ndipo malonda omwewo anawatsogolera kale kumeneko. Munthu amagwirizana ndi nyakwawa kapena mwini famu, alipira gawo lochepa, adula malowo papepala, n'kuyamba kugulitsa mapuloti olipira pang'onopang'ono, ndalama za ogulawo n'kumamalizira kulipira mwini malo. Zikayenda bwino aliyense amapeza chake. Zikasokonekera pakati, ogula amatsala ndi malisiti a malo amene wowagulitsayo sanamalize kugula.

Lamulo la 1974 linalowedwa m'malo ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015, imene inasunga occupancy licence. Mu 2018 Unduna wa Zamalo unayamba kuyeza malo ndi kupereka mataitolo mwaunyinji mothandizana ndi kampani ya ku America ya Medici Land Governance, ndipo mu 2021 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse ya zamalo. Chaka chomwecho Hakainde Hichilema analowa m'boma atalonjeza kuchotsa makada m'misika, m'masiteshoni ndi pa malo. Pepala lokhala ndi malire oyezedwa limachepetsa kugulitsa puloti imodzi kawiri, ndipo limapatsa wogula poyambira kufufuza. Siliuza mwininyumba mtengo wa nyumba yake, ndipo pokopa ogula a ndalama zambiri limakulitsanso mpata wa zapamwamba.

Kaundula amathandiza pokhapokha akamasinthidwa nthawi iliyonse nyumba ikagulitsidwa kapena mwini wake akamwalira. Kusintha dzina kumafuna kulipira ngongole zonse za ground rent, msonkho wa Property Transfer Tax ku bungwe la misonkho la ZRA, ndi maulendo angapo a ku maofesi, choncho ogula ambiri amakhutira ndi kalata yogulitsirana n'kuisunga m'sutikesi pamodzi ndi layisensi ya mwini wakale. Nyumba zina ku George ndi ku Chawama zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi dzina la m'buku la khonsolo likadali la munthu amene anamwalira kalekale, ndipo malayisensi a zaka 30 operekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980 anatha nthawi yake, ena osakonzedwanso. Wogula nyumba yotere amafunika munthu wodziwa ndondomeko yonse ya amene anagulitsa kwa yani, mboni zimene zikadali moyo, ndi ana a malemu amene angadzatulukire mawa. M'madera ambiri wodziwa zimenezi ndi tcheyamani wakale kapena ejenti yemweyo.